Zoti AI idzatitha tonse: akatswiri eni ake sakugwirizana

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti anthu omwe anapanga AI, makompyuta otsanzira nzeru za munthu, ndi omwenso akuti idzatha mtundu wa anthu, komanso ngati kuli kwanzeru kumavutikabe ndi fizi ya mwana pomwe makina adzalanda ntchito zonse. Zoti ena mwa iwo akunena zimenezo n'zoona. Koma anzawo a msinkhu womwewo pa ukatswiri akuti n'zopanda mutu, ndipo mkanganowu sunathe.

Pali akuluakulu atatu, Geoffrey Hinton, Yoshua Bengio ndi Yann LeCun, omwe analandirira limodzi mphoto ya Turing ya 2018, yapamwamba kwambiri pa sayansi ya makompyuta, chifukwa cha kafukufuku yemwe lero ndi maziko a ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, ndi zinzake. Hinton anasiya ntchito ku Google mu May 2023 kuti azitha kuchenjeza anthu momasuka. Nkhawa yake ndi yakuti tikadzapanga chinthu chanzeru kutiposa, palibe chotsimikizira kuti chidzapitiriza kutimvera. Bengio ali mbali yomweyo. LeCun, yemwe anatsogolera kafukufuku wa AI ku Facebook kwa zaka zambiri, amati makina a lerowa sanafike ngakhale pa nzeru za mphaka. Kulumikiza mawu amatha, koma sadziwa mmene zinthu zimachitikira kunja kuno, ndipo iye saona chifukwa chomwe chinthu chanzeru chingakhalire ndi khumbo lolamulira ena. Palibe mbuli pa atatuwa. Hinton anadzalandiranso mphoto ya Nobel mu 2024.

Mwezi womwe Hinton anachoka ku Google, bungwe la Center for AI Safety linatulutsa chikalata cha chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti dziko liziona chiopsezo cha AI mofanana ndi miliri komanso nkhondo ya nyukiliya. Anasayina Hinton ndi Bengio, komanso mabwana a makampani opanga zinthuzi: Sam Altman wa OpenAI, Demis Hassabis wa Google DeepMind ndi Dario Amodei wa Anthropic. Ine apa ndi pomwe pamandiimitsa mutu. Munthu akuti chomwe akupanga chitha kutimaliza, koma kukacha akulawirira kukachipanga. Mwina amakhulupiriradi kuti bola apange iwo kusiyana n'kusiyira osasamala. Koma musaiwale kuti kunena kuti katundu wako ndi wamphamvu moopsa ndi njiranso yoitanira malonda. Mu March chaka chomwecho panatuluka kalata ina yopempha kuti ntchito yopanga makina amphamvu kwambiri iyambe yaima kwa miyezi 6. Elon Musk anasayina nawo. Palibe anaima, ndipo mu July Musk yemweyo analengeza kampani yake ya xAI.

Nanga anthu ophunzira chonchi akulephera bwanji kugwirizana? Gwero lake ndi mmene makinawa amapangidwira. Palibe munthu amakhala pansi n'kulemba lamulo lililonse loti makina azitsatira. Amangowapatsa zolembedwa zambirimbiri, makinawo n'kumayesa kulosera mawu otsatira, ndipo akaphonya, manambala mabiliyoni omwe ali mkati mwake amasinthidwa pang'ono. Zimenezi zimabwerezedwa kambirimbiri mpaka makinawo ayamba kuyankha ngati munthu. Opangawo amatha kuyeza zomwe chinthucho chikuchita, koma kufotokoza bwinobwino chifukwa chomwe chayankhira mwakutimwakuti kumawavutabe. Ndiye akamakamba za zaka 20 zikubwerazi, aliyense akulosera, ndipo pa kulosera mbiri yawo si yabwino kwenikweni.

Mu 1965 Herbert Simon, mmodzi wa oyambitsa maphunzirowa, ananena kuti pomatha zaka 20 makina adzatha kugwira ntchito iliyonse yomwe munthu amagwira. Chaka cha 1985 chinafika n'kudutsa. Chitsanzo chomwe chikukhudza funso lanu kwambiri ndi cha Hinton yemweyo. Mu 2016 anati asiye kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za X-ray, poti pomatha zaka 5 makina adzakhala akuwaposa. Zakazo zinatha, ndipo madokotalawa akufunidwabe kwambiri m'zipatala za ku America ndi ku Britain. Sikuti makina analephera kuwerenga zithunzi, pa zina amachita bwino zedi. Vuto n'lakuti ntchito ya dokotalayo si kuyang'ana chithunzi kokha. Amaona mbiri ya wodwala, amakambirana ndi dokotala yemwe wamutumiza, amasankha ngati pakufunika kujambulanso, ndipo zikalakwika ndi iye amafunsidwa. Makina anatenga chidutswa cha ntchitoyo, ntchito yonse inatsala ndi munthu.

Koma musatengere pamenepo kuti nthawi zonse amakokomeza. Ambiri ankati papita zaka ngati 10 kompyuta isanagonjetse katswiri pa Go, masewera ovuta a pabolodi, koma mu 2016 pulogalamu yotchedwa AlphaGo inathambitsa katswiri Lee Sedol wa ku South Korea 4 kwa 1. ChatGPT itatuluka mu November 2022 inadabwitsanso ambiri a m'ntchito yomweyi. Amaphonya mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake sindingaseke Hinton.

Pali gulu lachitatu lomwe ine ndimalimvera kwambiri, chifukwa limakamba zinthu zoyezedwa kale. Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru, wobadwira ku Addis Ababa, anayesa mu 2018 mapulogalamu ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna akhungu loyera, kulakwitsa kunali kosafika 1 peresenti, pomwe pa amayi akhungu lakuda kunafika pafupifupi 35 peresenti. Mu January 2023 magazini ya TIME inalemba za achinyamata a ku Kenya omwe ankawerenga zolemba zonyansa ndi zankhanza tsiku lonse, n'kumaziika zizindikiro kuti ChatGPT izidziwa zoyenera kupewa, ndipo malipiro awo anali osafika madola awiri pa ola. Gululi limati kulimbana ndi za kutha kwa dziko kukuchotsa maso a anthu pa omwe akupwetekeka kale lero. Kumbali yabwino zoyezedwa ziliponso. Pulogalamu yotchedwa AlphaFold inalosera kaumbidwe ka mapuloteni oposa 200 miliyoni, ntchito yomwe inapezetsa Hassabis ndi John Jumper mphoto ya Nobel mu 2024. Ndipo kuyambira 2021 bungwe la WHO limavomereza kuti kompyuta iziwerenga X-ray ya pachifuwa pofufuza TB. Pachipatala cha kumudzi pomwe katswiri wa zithunzi kulibiretu, palibe yemwe walandidwa ntchito pamenepo.

Za ntchito zenizeni, bungwe la IMF linanena mu January 2024 kuti pafupifupi 40 peresenti ya ntchito padziko lonse ikhudzidwa ndi AI: 60 peresenti m'mayiko olemera, 26 peresenti m'mayiko osauka. Kukhudzidwa sikutanthauza kutha, zina zidzangophweka. Ndipo 26 yathuyo tisayivinire. Yachepa chifukwa ambiri a ife tili kumunda ndi kumsika, komanso magetsi ndi intaneti n'zoperewera, kutanthauza kuti phindu lake nalonso litha kutidutsa. Daron Acemoglu, katswiri wa zachuma wa ku yunivesite ya MIT ku America, amaona kuti phindu la AI pa chuma m'zaka 10 zikubwerazi likhala lochepa kusiyana ndi mmene makampani akulengezera.

Ndiye fizi pitirizani kulipira, achemwali. Ntchito zomwe ine ndingadere nazo nkhawa msanga ndi zongokopera, kutayipa, kumasulira zikalata wamba ndi kuyankha mafunso obwerezabwereza a makasitomala. Mwanayo aphunzire chinthu chimodzi mozama, kaya unamwino, zamagetsi, ulimi kapena malamulo, ndipo AI aziigwiritsa ntchito kuyambira panopa. Ayambe n'kuifunsa za phunziro lomwe iye amalidziwa bwino, makamaka m'Chichewa, kuti aone yekha mmene imanenera bodza mopanda manyazi ikafika pomwe sikudziwa.