Usiku womaliza mukagone ku Durban, za lesitilanti zibwere pambuyo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati inu ndi alamu athu mwalipira kale ulendo wa sitima yapanyanja ya kampani ya MSC wochokera ku Durban kupita ku Portuguese Island mu Disembala, pokondwerera zaka 10 muli pabanja. Maganizo anu ndi akuti mukagone kwa achibale ku Johannesburg, m'mawa wa tsiku lonyamuka mukwere ndege ya ku Durban, ndipo ndalama yomwe ikanapita ku hotela mulipiriretu chakudya cha mu lesitilanti yapadera ya m'sitimamo. Mukufunsa ngati zili bwino choncho.

Ine ndikuti ayi. Ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha pa ziwirizi, lipirani hotela ku Durban, lesitilantiyo itsale. Ndikunena molimba chifukwa ndalama yomwe mwaika kale pa ulendowu ndi yambiri, ndipo yonseyo mukufuna kuipachika pa ndege imodzi ya m'mawa.

Sitima siidikira munthu. Ili ndi nthawi yake yotulukira padoko, ndipo zipata zolandirira anthu zimatsekedwa nthawi yonyamukayo isanakwane. Pa tikiti yanu alembapo nthawi yoti mufike ndi nthawi yomwe amasiya kulandira anthu, mukaiwerenge. Tsono pa ulendo wanuwu pali vuto lina lomwe ambiri saliganizira. Amene wasiyidwa ndi sitima ku Barcelona atha kukwera ndege n'kukaipeza ku Marseille kapena ku Genoa mawa lake, chifukwa kumeneko imaima pamadoko a mizinda. Portuguese Island ndi kachilumba ka mchenga pafupi ndi Inhaca, kunja kwa Maputo. Kulibe doko. Sitima imaima pakati pa madzi, anthu n'kumatengedwa pa maboti ang'onoang'ono kupita kumtunda. Ku Pomene nakonso n'chimodzimodzi. Ikakusiyani ku Durban ndiye kuti ulendo wathera pomwepo, mudzangoiona ikubwerera patatha masiku atatu kapena anayi, ndipo musayembekezere kuti kampani ingakubwezereni ndalama chifukwa ndege yanu inachedwa.

Mwina mukuti ulendo wa pandege kuchoka pabwalo la OR Tambo ku Johannesburg kukafika pabwalo la King Shaka ku Durban ndi wa ola limodzi lokha. Zoona. Koma Disembala ndi nyengo ya mvula yamabingu ku Johannesburg, komanso ndi mwezi womwe anthu a ku South Africa amakhamukira kunyanja sukulu zikatsekera. Ndege zimadzadza. Yanu ikalephereka kapena mukaiphonya chifukwa cha mzere wapabwalo, mpando m'ndege yotsatira sumapezeka mwachangu, ndipo ukapezeka mtengo wake umakhala woposa wa hotela yomwe mumaizembayo. Palinso za katundu. Sutikesi ikatsalira ku Johannesburg inu mwafika dzulo lake, pali mpata woti ikupezeni kuhotela usiku kapena m'mawa. Ikatsalira pa tsiku lonyamuka, mukwera sitima ndi zovala zomwe zili m'thupizo. Ndipo mukatera ku King Shaka simunafike padoko, patsala mtunda wa makilomita pafupifupi 35.

Za basi yausiku kapena galimoto musaziganizire n'komwe pa tsiku limenelo. Msewu wa N3, wochokera ku Johannesburg kupita ku Durban, ndi wa makilomita pafupifupi 570, umadzadza ndi mathiraki opita kudoko, ndipo pa mapiri a Van Reenen ngozi imodzi kapena nkhungu imatha kuimitsa magalimoto kwa maola. Ngati mukufuna kuyenda pamsewu, yendani dzulo lake masana.

Achibale a ku Johannesburg musawakhumudwitse, kawaoneni pobwerera, mulibe mantha ophonya kanthu. Popita, konzani kuti kuchoka ku Lilongwe mukatulukire ku Durban kudakali tsiku lathunthu. Ngati tikiti ya Lilongwe kukafika ku Johannesburg mwagula kwina ndipo ya ku Durban kwinanso, monga ambiri amachitira akatenga Malawi Airlines kapena Airlink kenako FlySafair, dziwani kuti pa OR Tambo mudzayenera kudinditsa pasipoti, kutenga masutikesi, n'kukawaperekanso kumbali ya ndege za m'dziko momwemo. Ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri ilibe nanu mlandu. Siyani maola okwanira pakati pake, ngakhale zitanthauze kukhala pansi n'kumamwa tiyi.

Tsopano hotela. Doko la sitimazi ndi Nelson Mandela Cruise Terminal, kudera la Point, pafupi ndi uShaka Marine World. Linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2021. Mukaona zolemba zakale pa intaneti zikutchula N-Shed, amenewo ndi malo omwe ankakwerera kale, musamuuze woyendetsa takisi kuti akusiyeni kumeneko. Mahotela oyandikira ndi a m'mbali mwa nyanja, kumene amati Golden Mile: Garden Court South Beach, Garden Court Marine Parade, Southern Sun Elangeni & Maharani, Belaire Suites ndi ena. Kuchoka kumeneko kufika padoko ndi mphindi zochepa pagalimoto. Umhlanga ndi malo okongola, abata, oyandikira bwalo la ndege, koma mahotela ake amakwera mtengo ndipo m'mawa mudzayendabe kamtunda. Kwa usiku umodzi ine ndikanasankha Golden Mile. Simukufuna chipinda chapamwamba, mukufuna bedi laukhondo, chakudya cha m'mawa, ndi malo omwe Uber kapena Bolt imafika msanga.

Bukitsani panopa, poti Disembala zipinda za ku Durban zimatha msanga. Sankhani mtengo wolola kusintha kapena kuletsa popanda chindapusa, ngakhale utakwerako pang'ono, chifukwa makampani a ndege amasintha nthawi zawo. Afunseninso nthawi yotulukira m'chipinda. Mahotela ambiri amati 10 kapena 11 koloko m'mawa, zomwe zimagwirizana bwino ndi nthawi yopita padoko. Ndipo chonde, ngakhale pa mapu pakuoneka pafupi, musayende wapansi mukukoka masutikesi kudera la Point. Itanani galimoto pakhomo la hotela, ikakutsitseni pachipata.

Usiku wa kuhotelawo uli ndi ntchito yake. M'pamene mumamata mapepala a MSC osonyeza nambala ya chipinda chanu pa masutikesi, ndipo ngati simunawasindikize a pa risepishoni angakuthandizeni. M'pamenenso mumapatula kachikwama kam'manja: mapasipoti, matikiti, mankhwala, chaja, ndi zovala zosinthira. Masutikesi akuluakulu mumawasiya pakhomo la doko ndipo amafika kuchipinda mochedwa, nthawi zina madzulo ndithu. Mowa, ayironi ndi ketulo salola kulowa nazo, musavutike kuzilongedza. Mukatha zimenezo tulukani mukadye bunny chow, buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo ndiwo zophika ndi kale (curry). Kufika ku Durban osalawa ameneyo ndi kudzimana.

Tibwere ku lesitilanti. Choyamba dziwani zomwe mwalipira kale. Mtengo wa tikiti yanu ukuphatikiza bufe (malo odzigawira nokha chakudya), yomwe imakhala yotsegula pafupifupi tsiku lonse, komanso lesitilanti yaikulu momwe mumakhala patebulo loyalidwa nsalu, mawetala n'kumakubweretserani chotsegulira, chakudya chenicheni ndi zotsekemera, menyu yake ikusintha usiku uliwonse. Anthu okwera koyamba ambiri amaganiza kuti chaulere ndi bufe yokha, n'kumaopa kulowa m'chipinda chodyeracho poganiza kuti akawatchaja. Ayi, n'chanu chimenecho. Pa ulendo wa masiku atatu kapena anayi simungatope nacho. N'chifukwa chake ndikuti lesitilanti yapadera ndi yowonjezera chabe, pomwe hotela ndi yoteteza ulendo wonse.

Koma zaka 10 si masewera, ndipo ngati thumba likulola zonse ziwiri, chakudya chimodzi chapadera n'choyenera. Kumeneko kumakhala bata, tebulo la awiri, osakuthamangitsani. Mu lesitilanti yaikulu mutha kuikidwa tebulo limodzi ndi anthu osawadziwa, zomwe zimasangalatsa masiku ena koma osati pa usiku wa inu awiri.

Musanalipire, yang'anani dzina la sitima yanu, chifukwa MSC imasintha sitima yobwera ku South Africa pafupifupi chaka chilichonse ndipo malesitilanti ake safanana. MSC Orchestra ili ndi ya zakudya za ku China yotchedwa Shanghai. MSC Musica ili ndi Kaito Sushi Bar. Butcher's Cut, ya nyama yootcha yomwe anthu amaitama m'mavidiyo, siipezeka m'sitima iliyonse. Lowani pa webusaiti ya MSC ndi nambala ya bukingi yanu, zomwe zikuoneka pamenepo ndi zomwe zilipo pa ulendo wanu. Muwerengenso menyu. Ngati alamu ndi munthu wa chambo chootcha bwino, nsomba yaiwisi ya sushi mwina siiwakomera, ngakhale kuti ku Kaito kumapezekanso zophika monga tempura. Kulipira ndalama zambiri kenako munthu n'kukamalizira kukhuta ku bufe n'zopweteka mtima.

Kulipiriratu kuli ndi ubwino wake. Kawirikawiri mtengo wa pa intaneti umatsikirapo poyerekeza ndi wa m'sitima. Komanso m'sitimamo zinthu zimawerengedwa m'madola a ku America, ndipo simulipira ndi ndalama pamanja: amakupatsani khadi la chipinda lomwe mumalilumikiza ku khadi lanu la kubanki kapena ku ndalama yomwe mwasungitsa tsiku loyamba. Kwa ife a makhadi a ku Malawi, omwe mabanki amatiikira malire pa ndalama zakunja, ndi bwino kuti zina zilipiridwe mwezi uno, zina mwezi wamawa, kusiyana ndi kuunjika hotela, matakisi, zakumwa ndi lesitilanti pa khadi limodzi sabata imodzi. Pitani kubanki kwanu musananyamuke, mukawauze za ulendowu, akuuzeni malire anu.

Chomwe chimapusitsa anthu ndi ichi: kulipiriratu sikutanthauza kuti tebulo mwalipeza. Nthawi zambiri chomwe mwagula ndi chakudyacho, koma tsiku ndi ola mumakasankha mutakwera. Malesitilanti amenewa ndi aang'ono, sitima imanyamula anthu oposa 2,000, ndipo pa ulendo waufupi mausiku ndi ochepa. Ndiye mukangolowa m'sitima, musanathamangire bufe ngati anzanu onse, pitani kulesitilantiko kapena patebulo lomwe amaika la zobukitsa, muonetse lisiti lanu, mutenge tsiku ndi ola. Apa mpamene hotela ija imakuthandizaninso, chifukwa wogona ku Durban amafika padoko pa nthawi yake ndipo atha kupeza maola abwino asanathe, pomwe wochokera kubwalo la ndege atha kufika kumapeto n'kupatsidwa zotsala. Muli pomwepo funsani kuti phukusi lanu likuphatikiza mbale ziti. Nthawi zambiri limakhala ndi menyu yake, ndipo mbale zina zodula amawonjezera ndalama. Zakumwa nazo zimakhala zapadera pokhapokha mutagula phukusi la zakumwa. Funsani osaopa, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Muwauzenso kuti mukukondwerera chaka cha ukwati, ndipo ngati mukufuna keke muitanitsiretu, podziwa kuti ndi yolipira.

Nanga usiku uti? Woyamba ine sindingausankhe. Tsiku limenelo kumakhala maphunziro a chitetezo omwe aliyense amayenera kuchita, sutikesi ya zovala zabwino mwina siinafike, ndipo nyanja ya kunja kwa Durban imatha kuwinduka. Ngati simunayendepo pa nyanja yaikulu, simukudziwa momwe m'mimba mwanu muchitire. Ilala pa nyanja yathu imagwedezeka mwera ukawomba, koma mafunde a Indian Ocean ndi aatali, amakweza sitima pang'onopang'ono n'kuitsitsa, ndipo ena chizungulire chimawagwira usiku woyambawo n'kuzolowera mawa lake. Gulani mankhwala a chizungulire kufamase ku Durban. Usiku wa gala, ngati ulendo wanu uli nawo, nawonso ulekeni, chifukwa m'pamene lesitilanti yaikulu imaphika zabwino koposa anthu atavala zapamwamba, ndipo zimenezo mwalipira kale. Tsiku la kuchilumba mumadya nyama yootcha pagombe masana, mumabwerera mwapsa ndi dzuwa, mchenga thupi lonse, ena mwa ife tulo timatipeza 8 koloko isanakwane. Ngati mwasankha tsiku limenelo, tengani ola lakumapeto kuti muyambe mwapuma. Wabwino koposa ndi usiku wa tsiku lomwe sitima ili panyanja osaima paliponse, ndipo poti aliyense amaufuna womwewo, n'chifukwa chake ndikuti muthamangire kubukitsa mukangokwera. Muonenso nthawi ya zisudzo za m'holo yaikulu kuti zisawombane ndi chakudya chanu.

Dziwaninso kuti kutsikira pa Portuguese Island kumadalira nyengo. Mafunde akakula, kaputeni amaletsa maboti aja ndipo tsikulo mumathera m'sitima. Zikatero anthu ambiri amathamangira kulesitilanti zapadera, ndipo amene anatenga tebulo tsiku loyamba savutika.

Pobwerera, sitima imafika ku Durban m'mawa, koma kutsika kumatenga nthawi chifukwa anthu amatuluka m'magulu, kudinditsa mapasipoti ndi kufufuza masutikesi awo. Ndege ya ku Johannesburg mutenge yamasana kapena yamadzulo. Usiku umenewo ndiye mukagone kwa achibale aja, ya ku Lilongwe mudzakwere mawa lake.