Funsani Mmisiri: Kachipangizo ka pansi pa chiwongolero

FUNSO: Amisiri, ndimayendetsa Toyota Sienta ya 2009, kunyamula anthu pakati pa Limbe ndi Bangwe. Mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg kachipangizo kabuluu, kochepa ngati bokosi la machesi, kolembedwa ELM327. Timakatsomeka pansi pa chiwongolero, foni n'kumaonetsa za mu injini. Ndinakakonda moti sindinakazulenso. Mafuta atasowa galimoto inakhala masiku anayi osayenda, ndipo tsiku lomwe ndinawapeza inakana kulira mpaka anyamata anachita kuijampa. Ndagula batire latsopano, nalonso layamba kufooka m'mawa. Dzana lino pa Chipembere Highway magetsi a pa dashibodi anayaka onse nthawi imodzi, singano ya sipidi inagwa, kenako zonse zinabwerera mwakale. Ena akuti ndi alitaneta, ena akuti kompyuta boksi ikupsa. Ndiyambire pati?
Dalaivala wa ku Bangwe

YANKHO: Achimwene, musagule kanthu kaye. Zulani kachipangizoko lero lomwe, mukaike m'thumba, muyende nayo galimotoyo sabata yathunthu. Kuyesa kumeneku n'kwaulere, ndipo mwa zonse mwafotokozazi mtima wanga ukuloza pomwepo.

Soketi mukutsomekapoyo imatchedwa OBD-II. Ili ndi mapini 16. Ku America inakhala lamulo pa galimoto zatsopano kuyambira 1996, ku Europe 2001 pa za petulo ndi 2004 pa za dizilo. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti pini ya nambala 16 imakhala ndi moto wa ku batire usana ndi usiku. Kaya kiyi ali m'thumba mwanu, kaya mwagona, pamenepo moto ulipo. Anaikonza choncho kuti makina a mmisiri azipeza magetsi akatsomekedwa, ayeze, achotsedwe. Wosiya kachipangizo pamenepo miyezi wasiya mlendo akudya m'nyumba eni ake atagona. Usiku uno muzimitse galimoto, muwerame musuzumire pansipo: mukaona kagetsi kofiira kakuyakabe, dziwani kuti kakudya.

Kudya kwakeko pakokha sikwambiri. Vuto lalikulu lili pa mapini ena awiri, 6 ndi 14. Amenewa ndi mawaya a CAN, njira yomwe makompyuta a m'galimoto amayankhulirana: ya injini, ya giya, ya mabuleki a ABS, ya dashibodi. Mukatseka galimoto makompyutawa amayenera kugona pakapita mphindi zingapo. Tizipangizo tina totchipa timangogogoda pa mawayawo, ndiye pagalimoto zina makompyuta amachezera ali maso.

Ndinaziona ndi maso anga chaka chatha nthawi ya chiperoni. Mayi wina, mphunzitsi wa ku Chirimba, anabwera ndi Mazda Demio atasintha kale mabatire awiri. Ndinamasula waya wa negetivu, n'kulowetsa mita yoyezera magetsi pakati pa wayayo ndi batire, tinatseka zitseko n'kukhala pabenchi theka la ola. Mita inakakamira pa ma milliamp 310. Nditagwada kuyang'ana pansi pa dashibodi ndinapeza kanthu kakuda, kofunda m'manja ngati dzira longoikiridwa kumene. Mayiwo samadziwa n'komwe kuti kalipo, mwana wawo ndiye anakatsomeka. Titakazula n'kudikiranso, mita inatsika kufika pa 20. Galimoto yabwinobwino ikagona siyenera kupitirira ma milliamp 50. Tsono werengani nokha: 310 kwa maola 24 ndi ma amp-hour oposa 7 patsiku, pamene batire la galimoto zing'onozing'onozi limasunga pakati pa 35 ndi 45. Masiku anu anayi aja akwana ndithu. Ndipo batire likaphwa mpaka pansi kangapo silibwereranso mphamvu zake zakale, ngakhale likhale latsopano. Zinandiwawa kuona mayi aja atataya ndalama ya mabatire awiri pa chinthu chozula ndi zala ziwiri.

Mukafuna kuyesa nokha, ikani mita pa 10A, ndipo chonde musalize injini mita ili pakati, mupsereza fyuzi yake.

Za magetsi a pa dashibodi aja ndizo zikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa munali pamsewu ndi anthu. Singano ya sipidi ikagwa galimoto ikuthamanga, magetsi onse n'kuyaka pamodzi, nthawi zambiri ndiye kuti makompyuta asiya kumvana kwa kanthawi. Kachipangizo kolendewera pafupi ndi bondo lanu, pa mabampu a ku Bangwe, kamagwedera. Mapini ake akakhala opindika kapena mkati mwake akaotcherera mosasamala, kamasokoneza mawaya a CAN aja. Dziwaninso kuti chipu chenicheni cha ELM327 chinapangidwa ndi kampani ya Elm Electronics ya ku Canada, ndipo kampaniyo sinatulutsepo mtundu wa v1.5. Tembenuzani kanuko muwerenge. Ngati palembedwa v1.5, n'kokopera. Sikuti tonse tokopera n'toipa, inenso ndili nako kamodzi m'bokosi la zida, koma sindikasiya m'galimoto ya munthu ikamatuluka pageti.

Alitaneta musaiweruze musanaiyeze. Batire lodzaza, injini itazima kwa maola angapo, limaonetsa pafupifupi ma volt 12.6. Injini ikulira pazioneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Zikatero nthawi zambiri alitaneta ilibe mlandu. Muonenso mitu ya batire ngati yachita zoyera ngati ufa, komanso waya wa negetivu pomwe wamangidwa ku bodi, chifukwa waya ameneyu akakhwepa amabweretsa zizindikiro zofanana ndi zanuzi. Ntchito yanunso imalemetsa batire: kuliza ndi kuzimitsa kambirimbiri paulendo waufupi, kenako maola pamzere wa mafuta wailesi ikuimba.

Kompyuta boksi ndiyo ya kumapeto. Imapsa ndithu, makamaka pojampa mawaya akatembenuzidwa, koma yanu ikanapsa sibwenzi zonse zitabwerera mwakale pamsewu pomwepo. Aliyense wokuuzani kuti mugule ina ayambe wakuonetsani muyeso. Umodzi wosavuta ndi uwu: batire litamasulidwa, pakati pa pini 6 ndi 14 mita izionetsa pafupifupi ma ohm 60. Ikaonetsa 120, penapake pamzerewo paduka. Ikatsikira kufupi ndi ziro, mawaya agundana.

Sabata ikatha vuto likadalipo, bwerani nayo kwa mmisiri wa zamagetsi, kachipangizoko mutakatenga m'manja kuti akaone mapini ake.

FUNSO: Bambo, getsi la check engine pa Nissan Note yanga linayaka. Pagalaja ina anaitsomeka pamakina, getsi linazima, ndinalipira. Patatha masiku atatu layakanso. Kodi makinawo anandionongera galimoto?
Mayi wa ku Machinjiri

YANKHO: Ayi mayi, sanaononge. Anangofufuta uthenga, matenda anawasiya momwemo. Getsilo likayaka, kompyuta imasunga khodi, monga P0300 yonena kuti injini ikudumphadumpha poyaka, kapena U0100 yonena kuti kulumikizana ndi kompyuta ya injini kunaduka. Imasunganso momwe zinthu zinalili panthawiyo: kutentha kwa injini, liwiro, kuzungulira kwake. Wofufuta asanalembe wataya umboni wonsewo, ndipo mmisiri wotsatira amayambira mumdima. Chizolowezi chimenechi chafala mu Blantyre muno ndipo sindigwirizana nacho.

Popeza layakanso, khodi yabwerera. Ulendo uno muime pambali pawo, mujambule sikirini ndi foni yanu asanadine chilichonse, ndipo mufunse kuti akonza chiyani. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zinapangidwira msika wa kwawo, choncho makina ena otchipa saziwerenga bwino ngakhale soketi ili yofanana. Akakuuzani kuti makina akukana kuyaka, aone kaye fyuzi ya soketiyo asanakutchuleni mtengo wa china chilichonse. Ndipo getsilo likayamba kuphethira m'malo moyaka chilili, musapitirize ulendo wautali, injini ikutaya mafuta osapsa mu ekizozi ndipo aotcha catalytic converter, chipangizo cha mu ekizozi choyeretsa utsi.