Kwa achimwene a ku Thyolo amene akugulitsa MGB ya bambo awo

Achimwene, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi ndemanga zonse zili m'munsimu, ndipo ndati ndisangodutsa. Mwati bambo anu ku Thyolo ali ndi galimoto ya MG MGB ya 1972 yotsegula denga, aisamala zaka zonsezi, koma tsopano maso ayamba kuwavuta ndiye aganiza zoigulitsa. Mukufunsa ngati muyambe mwaipenta, ngati muikemo injini ya Toyota monga wina wakulangizirani, komanso mtengo woyenera. Ine ndine makaniko kuno ku Mulanje, ndipo chimene ndikukupemphani choyamba ndi ichi: musaikhudze. Penti ayi, injini ina ayi, ngakhale mipando musakutirenso. Uja mu ndemangamo akufuna kuigula pa mtengo wa Vitz yotopa mum'thokoze mwaulemu, azipita.

Wogula Sienta amafunsa mayileji ndi kamwedwe ka mafuta, basi. Wogula MGB amafuna kudziwa ngati galimotoyo idakali momwe inatulukira ku fakitale ya Abingdon ku England, kumene ankazipanga kuyambira 1962 mpaka 1980. Ya bambo ili ndi mwayi wina: ndi ya mabampa achitsulo onyezimira. Kumapeto kwa 1974 anayamba kuikako mabampa akuda a labala n'kuikweza m'mwamba pang'ono chifukwa cha malamulo a ku America, ndipo anthu okonda magalimotowa amalipira bwino pa ya mabampa achitsulo kuposa inayo. Mukachotsa injini yake ya 1798 cc ndi makabuleta ake awiri a mtundu wa SU n'kuikamo ya Corolla, ndiye kuti mwagwetsa mtengo ndi manja anu, ngakhale itamathamanga bwanji.

Za penti ndikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa ndi mtima wabwino. Wogula wodziwa akaona galimoto ya zaka zoposa 50 ikuwala penti wa dzulo, chimene chimam'bwerera m'mutu ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amadzifunsa kuti abisa chiyani. MGB ilibe chasisi yapayokha ngati Land Cruiser kapena Hilux. Bodi yomweyo ndiye imanyamula zonse, ndipo mphamvu yake ili pa zitsulo zodutsa m'munsi mwa zitseko, ma sill. Zimenezi zikadyeka ndi dzimbiri, galimoto yopanda denga lachitsulo imayamba kupindika pakati. Ndipo kwanuko mukudziwa nokha: chiperoni chikagwa masiku angapo ngakhale zovala za m'sutikesi zimachita chinyezi, ndiye kuli bwanji chitsulo chimene chamatidwa dothi lofiira la m'minda ya tiyi kuseri kwa matayala akutsogolo?

Choncho Loweruka lino chitani izi. Itulutseni padzuwa, muichape ndi madzi ndi sopo basi. Tengani kamaginito, mukakulunge m'kansalu kuti kasakande penti, n'kukayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa madigadi. Pamene kakukana kumata, pamenepo pali fila, phala limene amamata pobisa mabowo ndi malo opindika. Nyamulani makapeti muone pansi popondapo. Kuseri kwa mipando kuli kachivundikiro, pansi pake pamakhala mabatire awiri a 6 volts ngati bambo sanasinthe; yang'anani ngati asidi sanadye zitsulo zogwira mabatirewo. Kenako ikwezeni ndi jeke mbali imodzi, mutsegule ndi kutseka chitseko. Chikatsekeka bwino ngati mmene chimachitira galimoto ili pansi, bodi ndi yolimba, ndipo chimenecho chokha ndi ndalama. Yang'ananinso pamwamba pa chitseko pafupi ndi kagalasi kakang'ono ka kutsogolo, pamakonda kuchita mng'alu. Zonse zimene mwapeza, zabwino ndi zoipa zomwe, muzijambule. Wogula wotere mukamuonetsa nokha pamene pali dzimbiri amakukhulupirirani pa zina zonse. Akapapeza yekha amayamba kukayikira ngakhale zoona.

Kachiwiri, mapepala. Pano sindikunena bulubuku yokha. Munthu amene wasunga galimoto chonchi sangalephere kukhala ndi katoni kapena kabuku kena kake: malisiti a masipeya, masiku amene anasintha oyilo, ma COF akale, zithunzi za kale ali nayo pa bwalo la gofu kapena pa ukwati wa wachibale. Musataye ngakhale kapepala kamodzi. Tsegulani boneti mupeze kachitsulo kolembedwa nambala ya galimoto; ya 1972 yotsegula denga imayamba ndi GHN5, ndipo injini ya chaka chimenecho nambala yake imayamba ndi 18V. Onani ngati zikugwirizana ndi zolembedwa mu bulubuku. Ndi nambala imeneyo mutha kuitanitsa Heritage Certificate ku British Motor Museum ku Gaydon ku England, chikalata chochokera m'mabuku a fakitale chosonyeza tsiku limene inapangidwa, mtundu wa penti woyamba ndi kumene inatumizidwa. Chimalipitsa, koma kwa wogula wakunja chimathetsa mafunso ambiri.

Afunseninso bambo zinthu ziwiri zimene wogula wodziwa adzafunsa ndithu. Injini zimenezi zinapangidwira petulo wa mtovu, amene anasiya kugulitsidwa kuno kum'mwera kwa Sahara cha m'ma 2006, ndiye funso ndi lakuti kodi hedi ya injini inakonzedwa kuti igwirizane ndi petulo wa masiku ano, kapena amathiramo mankhwala? China, petulo wathu kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a labala. Ngati mapaipi a mafuta ali ouma kapena ong'aluka, amenewo okha sinthani musanaitane munthu, chifukwa ndi nkhani ya moto. Mabuleki nawonso agwire. Zotsalazo zisiyeni.

Mtengo sindikuuzani nambala pagulu pano ndisanaione, ndipo amene akukuuzani nambala asanagwade n'kusuzumira kunsi kwake akungolota. Koma ndikuchenjezeni mbali zonse ziwiri. MGB si galimoto yosowa padziko: anapanga zoposa 500,000, ndipo ku England zilipo zambiri, masipeya ake mpaka bodi yatsopano amagulitsa. Ndiye musaone mtengo wa pa intaneti wa imene yakonzedwa yonse ku London n'kuusandutsa makwacha, mukhala nayo mpaka kalekale. Lowani pa masamba a pa intaneti ogulitsira magalimoto akale, Car & Classic kapena Bring a Trailer, muone zimene zagulidwadi, za chaka chomwecho, za penti wakale ngati yanu, osati zimene eni ake akungotchula. Mbali inayi, kuno kwathu n'zowerengeka, ndipo munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe amene akuifuna akudziwa kuti kuitanitsa ina kunja kukufuna madola amene akusowawa, sitima, ndi msonkho wa MRA pamwamba. Pamenepo ndiye pali mphamvu yanu. Komanso ngati bambo ali ndi mtengo m'mutu umene anauganiza zaka zapitazo, akumbutseni kuti mu Novembala 2023 mokha kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Masipeya onse amene ali m'galaja, ngakhale akale ochotsedwa, awerengereni mu mtengo.

Ogula ake simuwapeza poimika galimoto pa Thyolo boma kapena pa Bvumbwe ndi pepala pa galasi. Mungodzaza anthu ojambulitsa zithunzi. Yambani ndi anthu amene amaidziwa kale: mamanejala ndi mainjiniya a m'maesiteti a tiyi, a ku makalabu a gofu ku Thyolo, Mulanje ndi Limbe, amakaniko akale a mu Blantyre amene amadziwa kuti ndani ali ndi zoterezi m'galaja. Kenako magulu a pa Facebook a okonda MG a ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia, poti konseko chiwongolero ndi cha kumanja ngati kwathu. Wakunja akaifuna, za zilolezo zolowetsera kwawo zikhale zake, makamaka ku South Africa kumene galimoto yogwiritsidwa kale ntchito silowa popanda chilolezo chapadera.

Madobadoba abwera, dziwiranitu. Wina adzati ndipatseni ndikaonetse bwana ku Limbe, ndibwera nayo madzulo. Kiyi asachoke m'manja mwanu. Wofuna kuiyesa abwere m'mawa injini isanalizidwe, agwire yekha kuti ndi yozizira, akoke choko, amve mmene ikulirira, aone geji ya oyilo ikukwera n'kukhala pamwamba pa 50 galimoto ikuyenda. Aonetse laisensi, inu mukhale pambali pake, mutsike naye msewu wa ku Luchenza n'kubwerera, ndipo mum'chenjeze za mahampu chifukwa ekizozi yake ili pafupi kwambiri ndi pansi. Ndalama zilowe ku banki, mukaone nokha kuti zafikadi, osadalira uthenga wa pa foni kapena chithunzi cha lisiti. Za kulipira pang'onopang'ono galimoto itapita kale, kanani. Mukatero lemberanani kalata ya mgwirizano pali mboni, n'kupitira limodzi ku Road Traffic ku Blantyre kukasintha umwini, onse awiri muli ndi makhadi anu a Traffic Register. Musanalengeze n'komwe, kafufuzeni ngati galimotoyo ikuoneka mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa Road Traffic, m'dzina la bambo, chifukwa zakale zina zimavuta pamenepa ndipo wogula akhoza kutopa n'kuchoka.

Chimodzi chimene chandikhudza m'funso lanu ndi pamene mwati mukufuna kuwapeputsira bambo pochita zonse nokha. Zothamangathamanga chitani inuyo, inde, koma tsiku lobwera wogula bambo akhalepo. Iwo ndi amene akudziwa kuti choko amakoka mpaka pati kukazizira mu Juni, kuti kalachi anasintha liti, kuti kaphokoso kakuti n'kachibadwa. Wogula weniweni adzakhala nawo pansi ola lathunthu akufunsa, ndipo munthu wotere sanenerera mtengo mwachipongwe. Bambonso akaona kuti uyu akufuna kukaidula aikemo zokuzira mawu, ali ndi ufulu wokana ngakhale ndalama zili patebulo.

Mukajambula kunsi kwa zitseko, pansi pa makapeti ndi kachitsulo ka nambala kaja, nditumizireni ku inbox ndione. Nambala yonse musaiike pagulu pano.