Zoti ku Svalbard safuna viza n'zoona, koma mvetsani kaye izi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti munthu atha kukakhala ndi kugwira ntchito ku Svalbard popanda viza. N'zoona ndithu. Svalbard ndi zilumba za kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Zili m'manja mwa Norway, koma zimayendera pangano lakelake la 1920. Chovuta ndi njira. Ndege zake zimanyamukira ku Oslo kapena Tromsø, mizinda ya ku Norway, ndiye ife a pasipoti ya Malawi viza ya Schengen (yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Norway) sitingaithawe, ndipo ikhale yolowera kawiri poti pobwerera mudzadutsanso momwemo. Ndalama zikakutherani, bwanamkubwa wa kumeneko ali ndi mphamvu yokubwezani.

Tauni yaikulu, Longyearbyen, ili ndi anthu pafupifupi 2,500. Kuchokera kumapeto kwa Okutobala kufika pakati pa Febuluwale dzuwa silituluka n'komwe. Mtengo kulibe ngakhale umodzi. Potuluka m'tauni anthu amanyamula mfuti chifukwa cha zimbalangondo zoyera, koma kupha chimodzi popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, zakhala zotetezedwa kuyambira 1973.

Ine chimene chimandiimitsa mutu ndi nthaka. Pansi pamakhala poundana chaka chonse, n'chifukwa chake nyumba anazikweza pa mizati kuti kutentha kwa m'nyumba kusasungunule pansipo. Lero kukutentha kuposa kale, mu Julaye 2020 kunafika madigiri 21.7, ndipo nthaka imene ankaidalira ija yayamba kufewa. Ngakhale nkhokwe yosungira mbewu za mayiko osiyanasiyana, imene anaitsegula mu 2008 m'kati mwa phiri, madzi analowa pakhomo pake mu 2016. Mbewuzo zinapulumuka, koma anachita kukonzanso njira yolowera.

Zomvetsa chisoni ndi za ma reindeer, nyama zonga mphalapala zazifupi miyendo. Mvula ikagwa m'nyengo yozizira, imaundana pamwamba pa udzu n'kuuma ngati galasi. Nyamazo zimapalasa ndi ziboda koma osaboola, n'kufa ndi njala chakudya chili pansi pa mapazi awo. Mu 2019 akatswiri anapeza pafupifupi 200 zitafa.

Pa za ntchito, mgodi womaliza wa malasha wa Norway kumeneko unatsekedwa mu 2025, zatsala kwambiri n'zokopa alendo ndi kafukufuku. Nyumba zambiri n'za olemba ntchito, ndiye musagule tikiti musanapeze bwana wokupatsani pogona.