Mafunso pa Chichewa: kodi msilikali amagwa kapena amafera kunkhondo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mlembi wa kagulu ka anthu amene anagwirapo ntchito ya usilikali. Akuti chaka chilichonse mu Novembala amasonkhana pachipilala kukumbukira anzawo amene anatsala kunkhondo, pamodzi ndi mamembala amene amwalira m'chakacho. Ulendo uno apatsidwa ntchito yolemba mawu a pamwambowo, ndiye afunsa zinthu zitatu. Kodi alembe kuti "asilikali ogwa"? Kodi ndi "uwuse" kapena "uwutse"? Nanga iwo amoyo adzitche chiyani?

Bambo mlembi, "ogwa" uja mufufute. Ndikudziwa kuti mwamutenga ku Chingerezi, "the fallen", koma kwathu kuno munthu akagwa ndiye kuti wapunthwa, wagwa panjinga, kapena akumpingo amuimitsa chifukwa cha tchimo. Tangoganizani mayi wamasiye akumva pachinkuzamawu kuti amuna awo ali m'gulu la ogwa. Pa imfa timagwiritsadi ntchito mneni "kugwa", koma chimene chimagwacho ndi maliro: "kwagwa maliro", "kwagwa zovuta", "zatigwera". Womwalirayo sagwa.

Mawu amene mukufuna ndi "kufera". Ka "-er-" kali pakatipo kamasenza katundu wambiri. Mukati "anafera kunkhondo" mwatchula malo. Mukati "anafera dziko lake" mwatchula chimene anaperekera moyo. Koma samalani ndi kachilembo kamodzi: "anafera m'dziko lake" ndi nkhani ina, ikungotiuza kuti imfa inamupeza kwawo, mwina ali pamphasa. Ndinaonapo chikalata chimene wotayipa anaonjezera "m" ameneyu, ngwazi yonse n'kusanduka munthu wongomwalira kumudzi.

Ena amakonda "anaphedwa kunkhondo". Si Chichewa cholakwika, koma ine sindingalembe choncho pachipilala. Choyamba, mawuwa amaloza chala wakupha, pamene tsikulo ndi la womwalira. Chachiwiri, amasiya anthu ambiri kunja. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya potengera mfuti yolira motsatizana ija, amtengatenga ochuluka amene ankasenza zakudya ndi zipolopolo kum'mawa kwa Africa sanafe ndi mfuti. Anatha ndi kamwazi, malungo, njala ndi kutopa. Amenewa sanaphedwe ndi mdani, koma anafera kunkhondo ndithu, ndipo mneni umodziwu ukuwakwanira onse.

Mamembala anu amene abwerako bwino, akalamba, n'kumwalirira pakhomo kapena kuchipatala, apatseni mawu awo: "anatisiya", "anamwalira", "anatsikira kulichete". Musawalembe onse kuti anafera dziko pofuna kuwakometsera. Mukatero mawuwo amapepuka, ndipo eni ake enieni mwawalanda. Pamndandanda wa maina, "malemu" lembani kamodzi pamwamba. Kubwereza pa dzina lililonse kumatopetsa wowerenga ndi omvera omwe.

Funso lachiwiri ndi limene limandipweteka mutu ndikamawerenga mauthenga a chipepeso pa Facebook. Mneni wake ndi "kuusa", kutanthauza kupumula, womwe uja timaumva mu "kuusa moyo". "Kuutsa" ndi kudzutsa, monga mwa kunena kuti wina akuutsa mapiri pachigwa. Choncho wolemba kuti "mzimu wake uwutse mumtendere" akupempha zosiyana kotheratu ndi zimene zili mumtima mwake. Lembani "uuse" kapena "uwuse", "w" ameneyo sindilimbana naye, koma "t" asapezekepo. Poti inu mukukumbukira anthu ambiri, ndi "mizimu yawo iuse mumtendere". Ngati ndi munthu mmodzi amene mukumupatsa ulemu, "mzimu wawo uuse".

Za dzina lanu amoyonu: "asilikali akale" ndi lomveka kwa aliyense. "Asilikali opuma pantchito" lilinso bwino, bola musadule "pantchito", pakuti pamwambo umene tikupempherera ena kuti apumule, "opuma" payekha angasokoneze womvera kuti amoyo ndi ati. Okalamba ena amanenabe kuti "a Keyala", dzina limene pakamwa pathu panaumba kuchokera ku KAR, zilembo zoyambirira za King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Ndi dzina lokoma, koma ndi la amene anatumikiradi m'gulu limenelo, osati msilikali aliyense wa imvi.

Simunafunse, koma m'kalata yanu ndaona "tidzasunga mphindi ziwiri za chete". Chete sasungidwa ngati chimanga. Nenani kuti "tikhale chete kwa mphindi ziwiri", kapena "tiimirire, tikhale chete". Mwambo umenewu unayamba mu 1919 pokumbukira ola la 11 m'mawa pa 11 Novembala 1918, pamene mfuti zinaleka kulira ku Ulaya. Lipenga "limalira" kapena "limaimbidwa", ndipo nkhata za maluwa "zimaikidwa" pachipilala.

Pa kalembedwe, mupeza "msilikali", "msirikali" ndi "msilikari" m'mabuku osiyanasiyana. Lamulo lakale la Chichewa Board, bungwe limene linkayang'anira chiyankhulochi, linkafuna "r" pambuyo pa "i" ndi "e", ndiye chifukwa chake. Sankhani chimodzi, chikhale chomwecho kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.