Histore ya MSCE pa foni, zitheka?

Funso: Aphunzitsi, ndili Fomu 4 kuno ku Kasungu, mayeso a MSCE ayandikira koma buku la Histore kusukulu kwathu ndi limodzi lokha ndiye timachita kulimbirana. Ndingawerenge pa foni osasochera? Ya bandulonso imavuta.

Yankho: Zitheka mwanawe, bola silabasi ikhale pambali pako, usamangomeza chilichonse chomwe Google yakubweretsera. Manotsi oyenda m'magulu a WhatsApp aja samala nawo, ena amasokoneza zaka, ndiye uzitsimikiza kwa aphunzitsi ako. Izi zokha zigwire: Chilembwe anaukira 1915, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba 1953 n'kutha 1963, Kamuzu wa kwanu komweko anabwera pa 6 July 1958, ufulu 1964, ripabuliki 1966.

Koma zaka pazokha sizikwanira ayi, ukasaka za Chilembwe fufuzanso chomwe chinamukwiyitsa, nkhani ya thangata m'minda ya azungu, msonkho, komanso kutengera anthu akuda ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse yomwe sinali yawo, apa mpamene pali zolemba zambiri.

Za bandulozo, dawunilodi mapepala akale a MANEB kamodzi, zimitsa data, uziyankha polemba mu kope. Mavidiyo a YouTube amadya bandulo koopsa.