Za mayi amene sakuona tulo chichitireni opaleshoni ya bondo

Achemwali, pepani ndi matendawa. Mwati mayi anawaika bondo lachitsulo masabata atatu apitawo, masana amakhalako bwino koma usiku amabuula mpaka kucha, ndiye mukufunsa ngati madokotala analakwitsa penapake. Ine ndinadwazikapo bambo anga aang'ono ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, atachitidwa opaleshoni yomweyi, ndipo ndikuuzeni kuti kusowa tulo kumeneku kumawapeza anthu ambiri. Masabata 6 oyambirira ndiwo owawa kwambiri, ena amafika miyezi itatu tulo tisanabwerere m'malo mwake. Pajatu pa opaleshoni imeneyi amadula nsonga za mafupa n'kuikapo chitsulo ndi pulasitiki, ndiye musayerekeze ndi chilonda cha pakhungu.

Chimene ndinaona n'chakuti ululu wa usiku umachokera ku zochita za masana. Mayi akayenda kwambiri kapena kukhala pampando nthawi yaitali mwendo uli lende, bondo limatupa, ndipo kutupako ndi kumene kumadzawaliza pakati pa usiku. Choncho madzulo, asanakagone, agone chagada mwendo wonse uli pamwamba pa mapilo, phazi litakwera kuposa chifuwa, n'kuikapo ayisi wokulunga m'kathaulo kwa mphindi 15 kapena 20. Ayisi asakhudze khungu mwachindunji. Ndikudziwa kuti ndi kuthimathima kwa magetsi a kampani ya ZESA firiji imatha kukhala yozima tsiku lonse. Ife tinkaumitsa madzi m'mabotolo angapo magetsi akabwera usiku, n'kumawasunga m'kabokosi kosungira zozizira.

Pilo asamuike pansi pa bondo penipeni. Amamva kukoma, inde, koma bondo likazolowera kukhala lopinda lidzavuta kuwongoka, ndipo adzayenda motsimphina. Pilo apite kunsi, cha ku katumba ndi chidendene. Akafuna kugona chammbali, aike pilo pakati pa miyendo.

Pa mankhwala m'pamene akuluakulu athu amativuta. Amati "ndipirira, ndimwa zikafika poipa", osadziwa kuti ululu ukakwera kale mapiritsi amachedwa kuugonjetsa. Azimwa pa nthawi imene adokotala analemba, ndipo mufunse ngati mungakonze nthawizo kuti kumwa komaliza kuzikhala pafupi ndi nthawi yogona. Paracetamol asapitirire magalamu 4 pa tsiku, ndipo ngati mayi ndi ochepa thupi kapena ali ndi vuto la chiwindi, mlingo umatsika. Chenjerani ndi mapiritsi osakaniza ngati Stopayne: muli kale paracetamol, muli codeine, mulinso caffeine amene amathawitsa tulo. Ibuprofen ndi diclofenac musawagulire nokha ku famase ngati akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena ngati ali ndi zilonda za m'mimba, BP kapena vuto la impso. Tramadol ndi codeine amadzimbitsa, ndiye madzi, masamba ndi mapapaya zisasowe. Mapiritsi ogonetsa a mnansi ayi ndithu, chifukwa akaphatikizana ndi amenewa amatha kufooketsa kupuma, komanso munthu amadzandira popita kuchimbudzi usiku n'kugwa.

Tiyi wa masamba a Tanganda azimwa m'mawa poti nayenso ali ndi caffeine, madzulo apatseni wopanda masamba. Masana akhoza kuwodzerako pang'ono, koma asagone masana onse. Tulo tikakana, asalimbane nato pabedi. Adzuke, ayendeko pang'ono m'nyumba ndi ndodo zawo nyali ili chiyakire, bondo limasuke, kenaka abwerere.

Mafizo asasiye poti akuwawa. Kungoti azichita m'mawa ndi masana, osati atatsala pang'ono kugona, ndipo a physio, amene amawachititsa mafizowo, muwauze za usikuwo kuti aone ngati akuwapanikiza mopitirira. Kutentha pang'ono kwa bondo, dzanzi kunja kwa chipsera ndi kaphokoso ka "go go" poyenda n'zozolowereka, ndipo kutupa kumatha kutenga miyezi ingapo.

Koma pali zina zosadikira tsiku lokaonana ndi dokotala. Katumba akatupa, kulimba ndi kuwawa, akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha. Akayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, musadikire kuti kuche, pezani galimoto muthamange nawo ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena ku chipatala chimene anachitidwirako opaleshoni. Chimodzimodzi thupi likatentha n'kumanjenjemera, chilonda chikamatuluka mafinya kapena madzi, kufiira kukamafalikira, kapenanso ululu ukamakula tsiku ndi tsiku mpaka kulephera kuponda pamene poyamba ankaponda.

Inunso achemwali musamachezere nokha usiku uliwonse. Gawanani masiku ndi abale, kapena mupemphe amayi a Chigwirizano kutchalitchi kuti wina azibwera masana inu mupumeko. Mutiuze mayina a mankhwala amene anawapatsa potuluka m'chipatala, muli manesi m'gulu muno amene angakuthandizeni mafunso oti mukawafunse adokotala.